Holo Yathu Yolirira Kuseri kwa Bwalo la Mpira

Amuna anga atamwalira tinawalirira m'holo ya khonsolo imene inali kuseri kwa bwalo lakale la mpira, m'dera lathu kuno kumpoto kwa London. Inali nyumba ya njerwa, yaifupi, yosakongola, yokhala ndi kakhitchini kumapeto ndi mipando yachitsulo yosanjikizana pakona. Masana nkhalamba za ku Turkey zinkasewereramo makhadi, ana ankaphunziriramo kuvina, ndipo amayi a ku Somalia anali ndi tsiku lawo losoka. Koma mmodzi wa ife akamwalira, kapena uthenga wa maliro ukafika kuchokera kumudzi, woyang'anira holoyo ankatipatsa kiyi n'kutiuza kuti tibweze kukacha.

Amene sanakhalepo m'fulati ya khonsolo sangamvetse chifukwa chimene nyumba yosaoneka bwino chotero inali yofunika kwa ife. Kwathu anamfedwa sasiyidwa okha. Anthu amabwera, amakhala pansi, amaimba mpaka kucha, ndipo palibe woitanidwa kapena wobwezedwa pakhomo. M'fulati zimenezi sizitheka. Mukangoyamba nyimbo, wa pamwamba amagogoda ndi ndodo ya tsache, wa pambali amaimbira apolisi. M'holo muja tinkakankhira mipando kukhoma kuti pakhale amuna, ife amayi n'kuyala mikeka pakati. Mikekayo tinaibweretsa tokha pang'onopang'ono pochokera kutchuthi kumudzi, tikukangana nayo pa bwalo la ndege, ndipo inkasungidwa m'kabati ya pansi pa siteji. Anamwino ndi osamalira okalamba ankafika molunjika kuchokera ku shifiti, ena ku Edmonton, ena ku Romford, ena kutsidya la mtsinje, n'kumanga chitenje pamwamba pa yunifolomu.

Amuna anga anathawa kwathu m'nthawi imene munthu ankamangidwa chifukwa cha mawu olankhula m'basi, ndipo ine ndinawatsatira ndi mwana kumsana. Sanabwererenso amoyo. Thupi lawo lisanakwere ndege, holo ija inadzaza mpaka pakhomo. Ndinakhala pa mkeka pafupi ndi siteji, ndikumva nyimbo zikugunda denga la malata, ndipo ndinadziuza kuti langa tsiku likadzafika ndidzaliridwa pomwepa. Sindinkapempha chinthu china ku dziko lino.

Za mpira sindinkazisamala. Timu ya m'dera lathu si ija yaikulu imene anyamata a kwathu amavala malaya ake. Ndi yaing'ono, yozolowera kugonja, ndipo ife tinkaidziwira phokoso la Loweruka masana ndi mabotolo otayidwa m'ngalande. Kenako inagulidwa ndi munthu wolemera wa ku America, ndipo pasanapite nthawi yaitali munthuyo anayamba kudandaula. Bwalo ndi lakale, misewu ndi yopanikiza, iye akutaya chuma chake chifukwa chongotikonda. Khonsolo ikapanda kumupatsa malo onse ozungulira bwalolo, kumulambulira msewu watsopano ndi kumuthandiza kumanga, ndiye kuti asamutsa timu n'kupita nayo kunja kwa mzinda, kumene ankati khonsolo ina ikumudikira ndi manja awiri. Holo yathu inali pa malo amene ankawafunawo.

Mlongo wanga wamng'ono wakhala ku America zaka zambiri, ndipo ndiye nkhoswe ya ukwati wa mwana wanga wamkazi. Nditamufotokozera pa foni anaseka mopanda chimwemwe.

"Achemwali, nyimbo imeneyo kuno tinaimva kale," anatero. "Kuno ali ndi masewera awo omenya kampira ndi chibonga n'kumathamanga mozungulira. Eni matimu amaimba chimodzimodzi: timangireni bwalo ndi msonkho wanu, apo ayi tikupita. Mzinda umanjenjemera, umamanga. Utoto usanaume bwino, ayambanso kuyang'ana kukhomo."

"Nanga akapanda kuwamangira, amapitadi?"

"Ena amapita, ena ayi. Koma ndi meya uti afuna kukumbukiridwa kuti ndiye anathawitsa timu? Inu gwiritsitsani holo yanuyo."

Anthu a m'dera lathu ananjenjemeradi. Amuna amene sanalowepo m'bwalo lija chibadwire anamata mapepala m'mazenera opempha timu kuti isatisiye. M'basi, pa msika, kwa dokotala, nkhani inali yomweyo. Ine ndinapereka msonkho wa khonsolo zaka zonse zimene ndinkasambitsa okalamba a eni dziko, ndipo sindinaonepo munthu wamba akuopseza kuti asamuka n'kupatsidwa kanthu. Ndikanati ndinene ine kuti ndikusamuka, akanangondifunsa tsiku loti adzatenge kiyi wa fulati.

Apa ndiyenera kunena za akamwini anga, ndipo ndinena mosamala, chifukwa ndi bambo a adzukulu anga. Anabadwira ku Ntcheu, anabwera kuno kudzaphunzira, ndipo atafuna mwana wanga anachita zonse mwa dongosolo. Ankhoswe anakumana, ndipo chinkhoswe chinachitikira m'holo yomwe ija. Kuyambira tsiku limenelo ndinawapatsa ulemu umene mpongozi amapereka kwa mkamwini. Sindidya nawo pa tebulo limodzi. Sindiwayang'ana kumaso. Akalowa pabalaza ine ndimapita kukhitchini, ndipo moni timapatsana khoma lili pakati. Ndikakhala ndi mawu olemera, mawuwo amadzera mwa mwana wanga kapena mwa ankhoswe. Koposa zonse, sindingatsutsane nawo pamaso pa anthu. Mkazi wokangana ndi mkamwini wake pagulu amachititsa manyazi mwana wake yemwe, ndipo anthu amati ukwatiwo ulibe akuluakulu.

Adzukulu anga amaseka zimenezi m'Chingerezi chawo, amati agogo amathawa adadi. Koma bambo awo sankaseka. Anakulira m'mudzi, ndipo mwambowu amaudziwa kuposa mwana wanga amene anakulira kuno. Ndinawamvapo akudzitama kwa anzawo kuti iwo ali ndi apongozi enieni, osati a masiku ano okumbatira mkamwini pa siteshoni. Timu ija itagulidwa, anawalemba ntchito yoyanjanitsa timu ndi anthu a m'dera. Ankagawa mipira m'masukulu ndi kujambulitsa ndi ana odwala. Tonse tinakondwera nawo, chifukwa asanapeze ntchitoyo ankasenza makatoni ku nyumba zosungiramo katundu, digiri ili m'thumba.

Khonsolo inaitanitsa msonkhano woti imve maganizo a anthu. Unachitikira m'holo momwemo, Loweruka lina masana pamene kunalibe mpira, ndipo gulu lililonse logwiritsa ntchito holoyo linauzidwa kuti lisankhe munthu mmodzi wolankhula. Amayi anzanga anasankha ine. Ndine wamkulu pa onse, ndipo Chingerezi changa ndi cha ku sekondale ya mishoni, chimene azungu amachimvera mwachidwi ngati cha pa wailesi.

Amene anakankhira dzina langa kutsogolo anali mnzanga wa ku Chipata, ku Zambia, wosamalira okalamba ngati mmene ndinalili ine. Ankakhala kutali ku Thamesmead, koma sankaphonya maliro athu, ndipo ndiye ankayambitsa nyimbo. Anali wamng'ono kwa ine, wa mawu aakulu ndi wopanda mantha.

"Mukawauze bwino, amayi, na Chizungu chanu cha masisitere," anatero. "Ise tikakamba, amaona monga tifuna kumenyana."

Mawu anga ndinawakonzera m'mutu, potsuka mbale ndi podikira basi. Sindinkafuna kunyoza munthu. Ndinkafuna kufunsa kuti, popeza malowo ndi a anthu onse ndipo msewuwo ulipiridwa ndi anthu onse, ife akufa athu tiziwalirira kuti. Ndinkafunanso kuti khonsolo ilonjeze pamaso pa anthu kuti holo isagwetsedwe isanatipezere malo ena otsegula usiku wonse.

Tsikulo ndinakhala pa mzere woyamba, mnzanga uja ali pambali panga, anamwino achitsikana ali kumbuyo kwathu. Kutsogolo kunali tebulo, ndipo pa tebulopo panakhala khansala wina wamkazi wotsogolera msonkhano. Pambali pake panali mpando wopanda munthu. Tinauzidwa kuti mpandowo ndi wa mkulu wina wa timu, ndipo ine ndinkayembekezera mzungu wa suti amene ndikanamuyang'ana m'maso popanda vuto.

Chitseko chitatsegulidwa, analowa akamwini anga, atavala jekete la baji ya timu. Sanapite ku tebulo. Anayenda mpaka pamene ndinakhala, anagwada pang'ono, n'kuwomba m'manja mofatsa monga amachitira kunyumba.

"Amayi, mwaswera bwanji?"

"Taswera bwino, kaya inu bambo," ndinayankha, nkhope ili kumbali.

Khansala uja anamwetulira, nanena kuti n'zokongola kuona ulemu wotero. Akamwini anga anadzuka n'kukakhala pa mpando uja, moyang'anizana ndi ine.

Anaonetsa zithunzi pakhoma: bwalo latsopano la magalasi, mitengo yobiriwira, ana a mitundu yonse akuseka. Pamalo pa holo yathu panajambulidwa poimika magalimoto a alendo olemekezeka. Analankhula bwino, sindingawanamizire. Anati timu sikufuna kuchoka, koma ikakakamizidwa ichoka, ndipo ikachoka dera lathu lidzazizira ngati nyumba yopanda ana.

Nkhalamba ya ku Turkey inaima, inamenya tebulo, inakalipa m'Chingerezi chothyokathyoka mpaka thovu kukamwa. Mayi wa ku Somalia anakana kukhala pansi mpaka khansala atamuyankha. Kenako khansala anaitana gulu la Amalawi.

Mnzanga uja anandigunda ndi chigongono. "Imani, amayi. Manje ni nthawi."

"Mukuwaona amene akhala apowo?" ndinanong'ona.

"Naona. Ni munthu wa timu."

"Ndi bambo a adzukulu anga."

"Lelo si apongozi, ni baji chabe. Imani."

Sindinaime. Kuti ndiime, ndikanayang'anizana ndi akamwini anga n'kunena pamaso pa anthu odzaza holo kuti zimene alankhula n'zosaona. Ndinatembenuzira nkhope kukhoma, monga ndachitira zaka zonse akakhala pafupi. Anamwino achitsikana aja anandiyang'ana, ndipo palibe amene anatsegula pakamwa. Pambuyo pake anandiuza kuti ataona mkamwini akugwada, ine n'kukhala chete, anaganiza kuti nkhaniyi tinaimaliza kale m'banja, ndipo si bwino kuti mwana alowerere pamene akuluakulu agwirizana.

M'kachetechete mmenemo akamwini anga analankhula m'Chingerezi, ndi mawu ofewa. Anati amayi athu ndi amanyazi pamaso pa anthu, koma iwo anakambirana nawo kunyumba, ndipo akumvetsa ubwino wa bwalo latsopano. Anatinso m'bwalomo mudzakhala chipinda cha anthu a m'dera, chabwino kuposa holo ino. Ine ndi iwo tinali tisanalankhulanepo mawu oposa moni ndi za chifuwa cha ana.

Mnzanga uja anadzuka mwamphamvu mpaka mpando wake unagwera kumbuyo. Anati zimenezo n'zabodza, ndipo anayamba kufotokoza za maliro. Khansala anamudula mwaulemu n'kumufunsa kumene amakhala. Atamva kuti ndi ku Thamesmead, anapepesa kuti msonkhanowu ndi wa anthu a m'dera lino okha. Kenako anayang'ana kwa ine, anadikira pang'ono, nanena kuti akuona kuti gulu la Amalawi lilibe chotsutsa.

Sindikunena kuti mawu anga akanaimitsa makina ogwetsera nyumba. Chigamulo chinali chitapangidwa kale m'zipinda zimene ife sitilowamo. Koma nkhalamba za ku Turkey zinapatsidwa chipinda ku laibulale, ndipo amayi a ku Somalia anapatsidwa malo ku sukulu ina. Aliyense amene anachita phokoso anapatsidwa kanthu kuti atonthole. Ife amene tinanenedwa kuti takondwa sitinafunikire kanthu.

Ena amandiuza mpaka lero kuti ndikanangoima. Kukhala pansi kwanga sindichita nako manyazi, chifukwa ndinachita zimene amayi anandiphunzitsa ndi zimene akamwini omwewo ankazitama. Manyazi ndi a munthu amene anadziwa pamene ndamangidwa n'kukakoka chingwe pomwepo. Koma ndinafuna kutsimikiza ndisanamuweruze munthu, choncho tsiku lina titaweruka ku tchalitchi ndinakwera sitima kupita ku Romford, kumene mwana wanga amakhala ndi banja lake m'nyumba yawoyawo ya kamunda kuseri. Ndinamupeza m'khitchini akudula anyezi. Amuna ake anali pabalaza akuonera mpira.

"Amayi, musawakwiyire," anayamba yekha. "Ndi ntchito."

"Anawatuma, kapena anadzipereka okha?"

Anapitiriza kudula anyezi.

"Ndakufunsa, iwe."

"Anawauza mabwana awo kuti za Amalawi awasiyire iwo. Anati akudziwa mmene angachitire kuti pasakhale phokoso."

"Ndiye ankadziwa kuti wolankhula ndine."

"Ndinawauza ndine. Ndinkangocheza, sindinaganize kanthu." Anapukuta maso ndi dzanja. "Amayi, timu ikasamuka ntchito yawo yatha. Mukufuna abwerere ku makatoni?"

"Timuyo sikupita kulikonse. Amalume ako akudziwa."

"Amalume ali ku America, ife tili kuno. Ndiponso inu ndi mwambo wanuwo, muli ku London. Mukanangolankhula, ndani akanakumangani?"

"Amuna ako sanaiwale kuti ndili ndi mwambo. Waiwala ndiwe wekha."

Potuluka ndinadutsa pakhomo la pabalaza, ndipo mawu anachokera mkati. "Mwapita, amayi?"

"Tapita, bambo."

Holo isanagwetsedwe, woyang'anira uja anatiimbira kuti tikachotse zathu. Ndinapita ndi mnzanga wa ku Chipata. Tinakulunga mikeka, tinaimanga ndi zingwe, n'kuikweza m'basi dalaivala akung'ung'udza. Mnzangayo anamuuza kuti akapitiriza kudandaula tiyala pomwepo n'kumuimbira nyimbo za maliro. Sanandikumbutsepo za msonkhano uja, ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa akanandikalipira. Mikekayo ndinaisunga kuseri kwa kabati m'chipinda changa.

Bwalo linamangidwa. Linakwera pang'onopang'ono mpaka linatseka dzuwa la madzulo pa zenera langa la kukhitchini. M'zaka zomwezo khonsolo inatseka malo amene okalamba ankadyerako chakudya chamasana, ponena kuti chuma chavuta. Tsiku la mpira basi yopita kuchipatala imazungulira njira ina, ndipo ngati mwendo ukukupweteka umangodikira mawa. Mwini timu anabwera kudzadula kansalu, nanena pa wailesi ya kanema kuti dera lathu lili mumtima mwake. Tsiku lomwelo anakweranso ndege.

Mnzanga wa ku Chipata anagwa ali pa ntchito, akudzutsa nkhalamba ina pa bedi. Mtsempha unaphulika m'mutu, ndipo sanatsitsimuke. Ana ake anabwera kwa ine monga wamkulu kudzafunsa kumene anthu akakhale. Ndinatuma mwana wanga kuti akafunse amuna ake za chipinda chija analonjeza.

Yankho linabwera madzulo omwewo. Chipindacho chilipodi, pamwamba penipeni, chokhala ndi kapeti ndi magalasi oyang'ana pa bwalo. Koma chimafunika kulembetsa pasadakhale. Chimatsekedwa kukangoda. Chakudya cha kunja sichiloledwa, ndipo kukhala pansi n'koletsedwa chifukwa kumatseka njira yothawira moto. Kuwonjezera apo, Loweruka limene tinkafuna kuliralo kunali mpira, ndipo m'chipindamo munali moti mudyere alendo a timu.

"Ndiye munthu azilembetsa tsiku lomwalira?" ndinamufunsa mwana wanga pa foni.



Tinakalirira ku Thamesmead, m'fulati ya malemu. Ndinanyamula mikeka m'mabasi mpaka kutsidya la mtsinje, koma pabalaza paja panangokwana yochepa, ndipo yotsalayo inaima chokulungidwa m'bafa. Amayi anadzaza m'makwerero kuchokera pamwamba mpaka pansi. Amuna anaima panja, mphepo ya kumtsinje ikuwalowa m'majekete. Tinayamba nyimbo imene malemuyo ankakonda kuyambitsa, ndipo tisanaimalize mawu odandaula anamveka kale kuchokera m'mafulati ena. Apolisi anafika kusanade. Anali achinyamata, aulemu, anavula zipewa, anapepesa, koma anati makwerero akhale opanda anthu ndipo nyimbo zichepe. Anthu anayamba kubalalika, aliyense kukafuna basi yake. Mkazi amene anaimbira maliro a aliyense wa ife analiridwa monong'ona, ndipo kukacha m'nyumbamo munali ana ake ndi ife okalamba ochepa.

Akamwini anga anabwera madzulo amenewo atanyamula nkhata ya maluwa yomangidwa ndi kansalu ka mitundu ya timu. Anagwada pamaso panga m'makwerero, ndipo ndinayankha moni wawo. Kumene maluwawo anathera sindinafunse.

Thupi litapita ku Chipata, ndinaimbira mlongo wanga.

"Itanani ankhoswe," ndinatero.

"Ukwati wavuta, achemwali?"

"Ukwati uli bwino. Mawu ndi anga."

Tinakumana ku Romford Lamulungu lina masana. Nkhoswe ya kuchimuna ndi msuweni wamkulu wa akamwini anga, dalaivala wa basi, munthu wanthabwala koma wodziwa mwambo. Mlongo wanga anali pa foni, imene anaitsamiritsa ku mbale ya shuga kuti nkhope yake izioneka. Akamwini anga ndi mwana wanga anakhala pa sofa. Ine ndinakhala pa mpando pakhomo la kukhitchini, nditayang'ana kumbali. Mawu anga ndinali nditamupatsa kale mlongo wanga, ndipo anawanena monga ndinamuuzira.

"Achemwali akuti akalamba," anayamba. "Akuti holo imene ankafuna kudzaliridwiramo kulibe, ndipo amene anawalankhulira pa msonkhano uja, kuti akondwa, ali m'nyumba muno. Sakufuna kupepesedwa, sakufuna maluwa. Akuti popeza bambo a kuno anadzipatsa udindo wowalankhulira pamaso pa khonsolo, atengenso udindo wa maliro awo. Adzaliridwa muno. Pabalaza pano, m'makwerero, m'kamunda kakuseriko, usiku wonse, ndi aliyense amene adzabwere. Aneba akadzadandaula, apolisi akadzafika, wotuluka kukalankhula nawo ndi mwini nyumba, popeza Chingerezi chotontholetsa anthu amachidziwa."

"Amalume, kapetiyu tangoika kumene," mwana wanga analowerera. "Ndiponso anthu a mu msewu uno simukuwadziwa. Ngakhale galimoto kungoima molakwika amalembera khonsolo."

"Iwe khala chete, awa ndi mawu a ankhoswe," anatero mlongo wanga. "Kapetiyo mudzayalapo mikeka."

Nkhoswe ya kuchimuna inatsokomola. "Ife a kuchimuna tamva," inatero. "Ine ndinkaopa kuti amayi apempha kuti tiwamangire bwalo lawolawo, apo ayi asamukira kwa mkamwini wina. Koma apa apempha chinthu chimene mkamwini aliyense amachita popanda kuuzidwa. Kwathu ku Ntcheu akamwini ndiwo amathamanga pa maliro a apongozi. Asuweni, muli ndi mawu?"

Ndinamva sofa ikulira pamene akamwini anga anasuntha. Ankadziwa, monga ndinkadziwira ine, kuti mkamwini wokana maliro a apongozi ake pamaso pa ankhoswe sakhalanso ndi nkhope, ndipo kuti nkhaniyo ikanafika kwa amayi awo kumudzi dzuwa lisanalowe. Anayamba kunena za malamulo a phokoso m'dera lawo, koma msuweni wawo anawadula.

"Malamulo mudzakambirana ndi apolisi tsiku limenelo. Amayi akudikira yankho."



"Tamva, amayi," anatero akamwini anga.

"Zikomo, bambo," ndinayankha ndikuyang'ana firiji.

Mlungu wotsatira ndinanyamula mikeka yonse n'kupita nayo ku Romford pa sitima. Akamwini anga anafuna kuti isungidwe m'galaja. Ndinatuma mwana wanga kuti awauze kuti chinyezi chimaoletsa mikeka, ndipo ine sindidzaliridwa pa zinthu za nkhungu. Tsopano imakhala kuseri kwa sofa pabalaza, yokulungidwa bwino, nsonga zake zikuonekera pamwamba. Akakhala pansi kuti aonere timu yawo, imakhala kumbuyo kwa mutu wawo.

Posachedwapa ndamva kuti mwini timu wayambanso kudandaula. Akuti siteshoni ya sitima ndi yaing'ono kwa anthu obwera ku bwalo lake, ndipo ngati khonsolo siikulitsa, pali mzinda wina umene ukumuitana. Mapepala ayambanso kuoneka m'mazenera, ndipo akamwini anga akuyendanso m'misonkhano ndi jekete lawo la baji. Ine sindipitako. Ndikapita kukaona adzukulu, ndimayamba ndasuzumira kuseri kwa sofa. Amayi a ku tchalitchi ndawauza kale sitima yokwera, potsikira, ndi khomo loti adzagogode. Nyimbo ndasankha ndekha, zazitali zokhazokha, kuyambira ndi ija tinaisiyira pakati ku Thamesmead, ndipo ndawauza kuti asadzanong'one.